Makompyuta a ku Balaka ndi Arubaini ya Ababa

Germiston, 17 Meyi 2023

Amayi a Zaina,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi Zaina ndi amama. Ine thupi lili bwino, kachimfine ka kuzizira kokha.

Ndabwerera ku pepala ndi cholembera ngati masiku aja ndinkakufunsirani. Ndizilemba, n'kujambula, n'kukutumizirani pa foni. Lamlungu lija mutandiimbira kuti ababa atisiya, ndinaona kuti pa foni mawu amandithera, inu n'kumangomva kupuma kwanga. Papepala ndimakwanitsa kufika kumapeto kwa chiganizo.

Zikomo pa zonse munachita. Amalume a Twalibu andiuza kuti anthu anadzaza mzikiti mpaka ena anaima panja pafupi ndi okonza njinga, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atawaika kale. Ndi momwe ziyenera kukhalira, sindikudandaula kuti sanandidikire. Chondiwawa n'chakuti sindinaponyemo dothi ndi dzanja langa.

Koma ndili ndi nkhani yokoma. Mukudziwa kuti kampani yathu imatola makompyuta akale omwe maofesi ataya, n'kuwakonza kuti apite kumasukulu. Ulendo uno makumi atatu ndi awiri akupita kwathu, kumasukulu atatu a ku Balaka. Abwana, mayi uja wa ku Durban, anandiitana dzulo n'kundiuza kuti wokawaika ndine. Lole inyamuka pa 14 Juni. Arubaini ya ababa, sadaka ya tsiku la makumi anayi, amalume aiika pa 22 Juni. Masiku ndawawerenga katatu. Ndifika.

Nkhani ya mapepala anga okhalira m'dziko lino ija sinasunthe. Koma ndikayenda ndi kalata ya kampani, pamodzi ndi katundu wa kampani, ndituluka n'kudzalowanso bwinobwino. Njira ina chaka chino palibe. Amama musawafotokozere zonsezi, mungowauza kuti Haruna adzakhalapo.

Yatsala ntchito imodzi, yomanga sisitimu. Imeneyi ndi pulogalamu yaikulu yomwe imayamba kudzuka mukayatsa kompyuta, n'kumayendetsa zina zonse. Makina okalamba ngati awa sangasenze sisitimu za masiku ano, ndiye timamanga yathu yopepuka. Ikatha kumangidwa, lamulo la abwana ndi lakuti makina onse ayake masiku atatu osazima, osauma. Akapambana mayeso amenewo ndi pamene amalowa m'mabokosi.

Mabuku a ababa muwachotse pansi, chiswe chingawalowe. Mawailesi a anthu omwe anatsala pa benchi yawo kumsika wa Ntaja muwabweze kwa eni ake, okonzedwa ndi osakonzedwa omwe.

Ndine wanu,
Haruna

Germiston, 25 Meyi 2023

Amayi a Zaina,

Asalamu alaikumu. Ndakondwa kumva kuti amama ayamba kudya, ndiponso kuti chifuwa cha Zaina chatha. Ine ndili bwino. Kunja kuno kukuzizira moti m'mawa madzi a udhu, osamba tisanapemphere, amaluma zala.

Munandifunsa kuti kumanga sisitimu n'kutani, poti palibe njerwa. Inu ndinu aphunzitsi, ndiye mundikonze ndikasokoneza. Zomwe timalemba ife anthu, kompyuta siizimva. Pali pulogalamu ina, timaitcha kompaila, yomwe imatenga zolemba zathu n'kuzisandutsa malamulo omwe makina amamva. Ndipo siimangomasulira iyayi, mukailola imafupikitsanso njira kuti zinthu zizithamanga. Ili ndi masitepe. Pa sitepe yachiwiri imadula zobwerezabwereza koma mosamala. Pa yachitatu imalowerera kwambiri, imaphatikiza izi ndi izo, imasuntha mizere, imataya chilichonse chomwe yaona kuti n'chosafunika. Ife zaka zonsezi takhala tikumanga pa yachiwiri.

Ndimagwira ntchito ndi Kevin, uja wa kwa Chiyendausiku ndinakuuzani kuti amaimba kwaya ku tchalitchi cha Akatolika kuno. Lolemba ndili kosungira katundu, iye anamanga sisitimu yonse pa sitepe yachitatu. Pobwerera ndinamupeza waimika makina awiri moyandikana, foni m'manja, akuwerenga masekondi. Yanga inayaka pa masekondi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, yake pa khumi ndi asanu ndi anayi.

"Ashehe," amanditchula choncho akafuna kundiputa, "inu mumapalasa kompyuta ngati kabaza wanyamula matumba atatu a chimanga. Ana a kwathu amera ndevu akudikira kuti iyake."

Ndinamuyankha kuti akabaza a kwawo amathamanga ndithu, koma okwera amatsikira m'ngalande. Anaseka mpaka anakhala pansi, ine ndinasekanso. Kanali koyamba kuseka chichokereni ababa. Manyazi anandigwira pang'ono, kenako anandisiya.

Abwana anakonda liwirolo, ndipo masana omwewo analembera anthu omwe amathandiza masukulu aja kuwauza za masekondi amenewa. Ine ndinati ndawerengapo ambiri ochenjeza za sitepe yachitatu pa sisitimu yonse. Anandifunsa ngati ndingaloze cholakwika chimodzi. Ndinalibe choloza, chifukwa ndawerengaponso ena onena kuti mantha amenewo ndi akale. Ndiye tasankha ya Kevin.

Gawo lokoma ndi ili. M'makina onse taikamo mabuku masauzande osafuna intaneti, mamapu, ndi zithunzi za mkati mwa thupi la munthu. Dzulo ndimayesa ngati akutseguka bwino, ndinapezeka kuti ndatha ola lathunthu ndikuwerenga za momwe mbalame zimadziwira njira zikamauluka kudutsa nyanja zikuluzikulu. Kompyuta ikayaka, pagalasi pakubwera moni wa "Mwadzuka bwanji", pansi pake wa Chiyao, "Ajimwiche uli". Abwana anafunsa kuti mzere wachiwiriwo ndi wa chiyani, Kevin anawauza kuti ndi wa ana a Ashehe.

Ndatumiza bulangete la amama ndi juzi ya Zaina kudzera kwa mnzanga wobwera kwathuko, a Jasten, afika nazo Lachiwiri pa siteji. Juziyo ndi yaikulu dala.

Wanu,
Haruna

Germiston, 2 Juni 2023

Amayi a Zaina,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndilipo.

Ndasamuka chipinda. Kuja ndinkakhala kunayamba anthu oyenda khomo ndi khomo kufunsa alendo za mapepala awo. Palibe chandichitikira. Pano ndikugona kwa Kevin, ndipo amaliza mkonono mwa mawu anayi onse a kwaya.

Mayeso a masiku atatu talephera. Makina asanu ndi anayi anauma. Pagalasi chithunzi chilipo, koma chilichonse mungadine sichiyankha, mpaka mutazimitsa n'kuyatsanso. Tinayambiranso, anauma asanu ndi limodzi, koma ena, osati aja oyamba. Akanakhala omwewo tikanati ndi ukalamba wa makina.

Abwana anena mofatsa kuti sangatumize kumudzi chinthu chomwe chikufa m'manja mwathu tili nacho pafupi. Zikapanda kutheka pofika pa 14, lole ipita ndi katundu wa anthu ena, makompyuta adikira ulendo wa mu Ogasiti. Ine n'kudikira nawo.

Amama musawauze kanthu. Amalume apitirize zokonzekera monga tinapangana.

Haruna

Germiston, 8 Juni 2023

Amayi a Zaina,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ndi ana a sitandade faifi aja? Ine lero ndadzuka wopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Alhamdulillah, tapambana. Lolemba tinamanganso zonse pa sitepe yachiwiri, osasintha china chilichonse. Masiku atatu akwana lero masana, ndipo makina onse makumi atatu ndi awiri ali maso. Kevin anatuluka, n'kubwera ndi pepala lodzaza mandasi a kuno omwe amati magwinya. Anawaika patebulo panga n'kunena kuti kabaza wa chimanga wafika, wothamanga uja ali kuchipatala. Abwana alemberanso anthu aja kubweza mawu a masekondi, ndipo atiuza kuti tiyambe kumata mabokosi Lolemba. Kalata yanga ya ulendo yasainidwa, ili m'thumba la malaya pano ndikulemba.

Tsopano za sadaka. Mpunga amalume atenge wa ku Chiuta, ababa sankafuna wina. Mbuzi ikhale ija ya mawanga, yakuda ija isiyeni ili ndi bere. Nkhuni muyambe kusonkhanitsa pano, musadikire sabata yomaliza. Muitanenso anzawo a ababa a kumsika, ngakhale aja ankakangana nawo za mpira tsiku lililonse. Makamaka ajawo.

Pali kanthu kamodzi kakundikanda mumtima. Kevin akuti kompaila ikafika pa sitepe yachitatu imapenga, nkhani yathera pompo. Koma masiku ano ndakhala ndikuwerenga makalata akale a anthu omanga masisitimu, momwe ankatsutsirana zaka makumi awiri zapitazo. Ena anamwalira kale, koma mkangano wawo ukadali wamoyo, amanyozana mwaulemu ngati akuluakulu pa bwalo la bawo. Ambiri mwa iwo akuti nthawi zina kompaila imalakwadi, koma kawirikawiri sitepe yapamwamba ikaswa chinthu, ndiye kuti chinali chosweka kale, yangochivundukula. Ife sitinapeze chomwe chinasweka. Tangobwezapo chivundikiro.

Ndayang'ananso m'kabuku momwe ndimalemba nthawi yomwe makina auma. Nthawi zonse ndi pamene magetsi a mzinda azima. Mukudziwa kuti kuno akuzima kawiri katatu patsiku. Mwina palibe kanthu. Ndiyang'ana Loweruka, kungoti mtima ukhale pansi.

Mumuuze Zaina kuti ndamva zoti wadziwa kulemba dzina lake, ndipo ndikufuna kudzaona ndi maso.

Wanu,
Haruna

Germiston, 11 Juni 2023

Amayi a Zaina,

Asalamu alaikumu. Thupi lili bwino. Kalata iyi muwerenge muli nokha.

Ndachipeza dzulo masana, ndipo ndi changa.

Kompyuta iliyonse timaipatsa kabokosi ka batire kuti magetsi akazima isafe. Magetsi akazima, sisitimu imafunsa kabokosiko ngati kakonzeka kutenga ntchito. Kakati ayi, imafunsanso, mpaka kavomere. Mizere yofunsayo ndinalemba ndine zaka zitatu zapitazo, nditangoyamba ntchito, ndipo ndinaiwala liwu limodzi louza kompaila kuti yankho limeneli limasintha lokha, uzipita kukaona nthawi iliyonse.

Tiyerekeze mwatuma munthu pa siteshoni ya Balaka kuti akaone ngati sitima yafika. Wapita, wabwera, akuti sinafike. Pa sitepe yachiwiri, mukamufunsanso amapitanso kukaona. Pa yachitatu kompaila inaona kuti maulendo onsewa ndi otaya nthawi, poti palibe paliponse ndinalemba kuti sitima imayenda. Ndiye munthu uja amakaona kamodzi kokha, kenako amakhala pampando n'kumangoyankha kuti sinafike, sinafike, mpaka kalekale. Kabokosi kakachedwa pang'ono pa funso loyamba, kompyuta imauma. Kompaila sinaname. Inachita ndendende zomwe ndinalemba, osati zomwe ndinkaganiza.

Pa sitepe yachiwiri cholakwikacho chilipobe, changogona mwa mwayi. Chaka chamawa wina akadzamanganso sisitimu ndi kompaila yatsopano, chikhoza kudzuka. Ndipo masukulu aja ndi a sola, mtambo ukangodutsa magetsi amagwedera, kakhumi patsiku. Kumeneko kulibe Kevin kapena ine, kuli mphunzitsi yekha ndi ana.

Kukonza n'kwa mphindi imodzi. Koma lamulo la abwana ndi lakuti ukasintha ngakhale chilembo chimodzi, masiku atatu aja ayambirenso. Tikayamba mawa, atha Lachinayi. Lole inyamuka Lachitatu.

Palibe akudziwa kupatula ine ndi inu. Ndikakhala chete, mabokosi amatidwa mawa, makina agwira ntchito bwinobwino mwina chaka chathunthu, ine n'kudzakhala pamkeka pafupi ndi amalume pa 22. Ndikalankhula, sindikudziwa. Ndayenda mpaka kupaki n'kubwerera, ndapemphera, yankho silinakhazikike. Maliro ndinaphonya kale. Sindikudziwa ngati amama angamve zoti ndaphonyanso kachiwiri chifukwa cha liwu limodzi.

Haruna

Germiston, 14 Juni 2023

Amayi a Zaina,

Asalamu alaikumu. Ndili bwino, ndipo ndikulemba ndili ku ofesi, pakati pa makina onse akuyaka. Inde, lero ndi tsiku lomwe lole imayenera kunyamuka.

Mawu munandijambulira aja ndinawamvera katatu. Munati inu mukudziwa momwe zimakhalira kuima kutsogolo kwa ana makumi asanu ndi anayi ndi chinthu chakufa m'manja, onse akuyang'ana inu ngati mwachiwononga ndinu. Kenako munati, "Koma mubwere." Ndinaseka ndekha, chifukwa mwandipatsa malamulo awiri osandiuza kuti ndiwakwanitsa bwanji onse.

Lolemba m'mawa ndinawauza abwana, Kevin ali pomwepo. Anandimvera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti kukonza kwake ndi mizere ingati. Nditati liwu limodzi, anagwira mutu n'kuseka. Anandithokoza, koma lamulo sanalisunthe. Tinamanganso, mayeso anayamba Lolemba masana, atha mawa masana.

Kevin anatembenukira kwa ine. Ndimayesa andinyoza, poti sabata yonse wakhala akusenza mlandu womwe unali wanga. Anangoti, "Ndiye kompaila yanga inalibe tchimo. Mubweze magwinya anga, Ashehe." Atatero anavala jekete n'kutuluka.

Anapita kutauni, kubwalo komwe malole a kwathu amapakira, kukaonana ndi a Akimu, eni lole. Ndi bambo a ku Nselema, okwiya msanga. Kevin akuti atangoyamba kufotokoza, iwo anakalipa kuti anyamula mafiriji ndi mabedi a anthu, ndipo anthuwo akuwaimbira foni ngati ana a mbalame. Za kompaila sanafune n'kumva komwe. Kevin ataona kuti zavuta anangowauza kuti munthuyu bambo ake anamwalira iye ali kuno, ndipo akuthamangira arubaini.

Akuti a Akimu anafunsa kuti ndi mwana wa ndani. Atamva anati sakuwadziwa, koma iwonso mayi awo anaikidwa iwo ali pa mzere wa malole ku Tete.

"Lachisanu tikatuluka ku mapemphero a Juma ndikuliza injini," anatero. "Akachedwa ndi ola limodzi adzandipeza ku Mwanza."

Ndiye tapatsidwa mpaka Lachisanu, bola makina asatichititse manyazi. Ulendo uno sitikudikira kuti magetsi azime okha. Tikuwazimitsa tokha pa switchi yaikulu, mobwerezabwereza, kuti tione ngati cholakwika chija chafadi. Dzulo tinazimitsa kokwana zana limodzi ndi makumi awiri. Kevin amaimba nyimbo ya kwaya, pothera mzere uliwonse n'kuzimitsa, ine ndikuyenda m'mizere kugwedeza kambewa ka kompyuta iliyonse. Abwana anatulukira kudzaona phokosolo, anapezeka nawonso akuyenda mzere wachitatu. Mpaka pano palibe yauma.

Za masitepe agamula okha abwana. Onse opita ku Balaka amangidwa pa yachiwiri, akuti masekondi asanu ndi awiri ana akhoza kudikira, koma chinthu chomwe tachiyesa zaka zitatu sitingachisinthe sabata ya ulendo. Kevin amupatsa makina awiri otsalira kuno kuti awamange pa yachitatu, mtima wake ukhale m'malo. Nawonso sakuuma. Amawapukuta fumbi m'mawa uliwonse ngati ng'ombe za pachionetsero.

Kwatsala tsiku limodzi. Mundipempherere, ndipo amama musawauzebe.

Wanu,
Haruna

Balaka, 21 Juni 2023

Amayi a Zaina,

Asalamu alaikumu. Onani pamwamba pa kalatayi pomwe ndalemba dzina la malo.

Pepani kuti ndinakhala chete, foni inafa titangodutsa Musina ndipo pachaja pa lole ya a Akimu pamagwira ntchito pakafuna. Makina onse anapambana Lachinayi. Tinamata mabokosi mpaka zala kutupa, ndipo Lachisanu a Akimu potuluka mu mzikiti anapeza tapakira kale, Kevin atakhala pamwamba pa katundu ngati mwini wake. Pamalire onse kalata ya kampani inagwira ntchito yake. Pena anaiyang'ana nthawi yaitali kuposa momwe ndikanafunira, koma tinadutsa. A Akimu anakalipa njira yonse, za misewu, za matayala, za ana a masiku ano, koma chakudya chilichonse ankandigawira pakati ndi pakati.

Tinafika dzulo dzuwa likadalipo. Lero ndaika makina khumi ndi awiri pa sukulu yoyamba, enawo ndidzaika sabata yamawa. Aphunzitsi aakulu, mayi Scholastica, anasesetsa chipinda kawiri ndipo anasoketsa nsalu zophimbira kompyuta iliyonse, zamaluwa. Ana analowa asanu asanu, manja kumbuyo ngati akulowa m'chipatala. Moni uja atabwera pagalasi, mtsikana wina anawerenga mzere wachiwiri mokweza, n'kuyankha m'Chiyao kuti wadzuka bwino, kaya iwo. Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka, mayi Scholastica mpaka kupukuta misozi.

Cha m'ma leveni kunabwera mitambo ya chiperoni. Ndinamva timabokosi ta batire tikulira ti, ti, mzere wonse, kenako kachiwiri, kenako kachitatu. Ana anapitiriza kufufuza mudzi wawo pa mapu, osadziwa kuti pachitika kanthu. Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi kanthawi ndithu.

Tsopano amama mukhoza kuwauza. Mawa ndikwera minibasi yoyamba ya ku Liwonde, n'kulumikiza ya ku Ntaja, ndifika mpunga usanapse. Musanditumizire munthu pa siteji, katundu ndilibe wambiri. Koma ndisanalowe m'nyumba ndikufuna ndiyambe ndapita kumanda, ndipo pomwe ababa anagona sindikupadziwa. Muwapemphe amalume andidikire pakhomo pa mzikiti, akandionetse.

Ndine wanu,
Haruna